A Dokotala a ku Bangwe ndi Masiku Awo Asanu

A Makwinja tinawaika m'manda Loweruka lapitali, ndipo ine sindinalire. Ndikuneneratu kuti amene akufuna mbiri yokoma akafunse kwa ana awo. Malemuwa anali amuna awo a azakhali anga. Ine ndinkawaitana kuti ankolo, koma Bangwe yonse inkawadziwa kuti a Dokotala. Azakhaliwo anatsogola zaka zisanu ndi zinayi zapitazo ndi khansa ya m'matumbo, atakhala pakhomo chaka ndi miyezi akuchita chimbudzi cha magazi, chifukwa a Dokotala awo anati kuchipatala n'kongotayirako nthawi.

Pamaliropo Fedi, mwana wawo wachisamba, anaimirira kuwerenga mbiri ya malemu. Anati bambo ake anatumikira dziko lino pa ntchito ya zachipatala ndi kafukufuku kwa zaka zoposa makumi awiri. Anthu anagwedeza mitu. Pamwamba pa bokosi anali atayalapo dasitikoti yoyera ngati ya madokotala, yosita bwino, zolembera zitatu zili m'thumba la pachifuwa. Ine ndinaluma chitenje kuti phwete lisatuluke. Mayi wina wa kumpingo amene ndinakhala naye pamphasa anayamba kundisisita kumsana, akuyesa ndi chisoni.

Ntchito ya a Makwinja inali yokolopa. Chikolopa sindikuchinyoza ayi, chalera anthu ambiri muno m'tauni, ndipo ena aphunzitsa nacho ana mpaka ku koleji. Iwo ankakolopa mu labu ya chipatala china chachikulu, kutsuka mabotolo, ndi kukatenga tizidutswa ta mnofu timene madokotala adula pa opaleshoni kuti tikayezedwe. Ndi ntchito yabwino, yofuna munthu wosamala. Koma a Makwinja inkawachititsa manyazi. Dasitikoti ija anawasiyira dokotala wina pobwerera kwawo, ndiye m'mawa ankatuluka m'nyumba atayivala, kukafika kuntchito n'kuvala ovolosi ndi magambuti, poweruka n'kusinthanso. Atapuma pantchito sanayivulenso. Ine zonsezi ndinazidziwa mochedwa, zitavuta kale.

Anali munthu wamtali, wowonda, woyenda pang'onopang'ono manja ali kumbuyo ngati akuyendera odwala. Moni wawo sunkathera pa mwadzuka bwanji. Ankapitiriza kukufunsa ngati wapita kuchimbudzi m'mawawo, ndi kuti zinatuluka zamtundu wanji, zolimba kapena zamadzi. Ankafunsa chonchi paliponse, pasiteji, pampopi, ngakhale pakhomo la tchalitchi, atsikana mpaka kumawalambalala. Asanayambe bawo ankasamba m'manja mpaka m'zigongono, anzawo akudikira. Ukamadya nawo ankayang'ana m'mbale mwako osati mwawo, n'kumakuuza chimene chikupha. Tonsefe ankatitcha anthu wamba. Abusa anali munthu wamba, aphunzitsi aakulu anali munthu wamba, mkazi wawo ndiye osanena.

Nkhani imene ankaikonda kuposa zonse inali ya enzaimu, ndipo palibe amene anakhalako pakhonde pawo n'kuchoka asanaimve. Ankati m'kati mwa matumbo muli kachikopa kopyapyala kamene kamaperepeseka ndi chakudya, ndipo thupi limaumbanso katsopano pakapita masiku ochepa. Omanga ake ndi maselo, tinthu ting'onoting'ono timene timagawikana kuti tichuluke. Ndiye pali kanthu kena, enzaimuyo, kamene kali ngati kapitawo pa ntchito yomanga nyumba. Kamapereka uthenga kwa maselo kuti tsopano gawikanani, tsopano lekani. Munthu akamakalamba kapitawoyu amayamba kusokoneza uthenga, matumbo sachira msanga, ndipo chakudya chimene unkadya uli mnyamata chimayamba kukukana. Akalephereratu kunena kuti lekani, omanga aja amangomanga, njerwa pamwamba pa njerwa, mpaka chotupa chimatseka njira. Khansa ndi imeneyo, ankatero, uku akugogoda tebulo ndi cholembera.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti zimenezi n'zoona. Anazimva ndi makutu awo akutsuka mabotolo, dokotala wina wofufuza za matumbo akuphunzitsa ophunzira ake m'chipinda chomwecho. Mutu unalipo, kunama sindinganame. Koma kandimverere anakanena za m'maluwa. Anamva chiyambi, mwina ndowa inadzadza n'kutuluka kukataya madzi, ndiye mapeto anawonjezera okha. Ankati ngati kachikopako kamasintha m'masiku asanu, ndiye kuti chilonda chilichonse cha m'mimba chimapola m'masiku asanu, bola ungomupumitsa kapitawoyo. Kumupumitsa kwake kunali kusiya kudya, kumangomwa madzi ofunda ofinyiramo ndimu ndi kaphala kamadzimadzi. Likakwana tsiku lachisanu usanachire, ankati walakwitsa ndiwe, unabera kudya, yambiranso.

Nanga poti anthu ambiri m'mimba mumawapweteka chifukwa cha tchipisi cha pachiwaya kapena madzi a pachitsime, ankachira ndithu. Akanachira ngakhale akanangogona. Koma ulemu unkapita kwa a Dokotala, ndipo mbiri inafika mpaka ku Machinjiri. Loweruka m'mawa pakhonde pawo pankakhala anthu atandandalika pakabenchi, iwo ali pampando wa ndalema, akulemba m'kope zinthu zimene palibe anaziwerengapo.

Asing'anga ankadana nawo koopsa. Tsiku lina pamsika panabwera bambo wina ndi chimkuzamawu, akugulitsa mabotolo a madzi akuda otsuka m'mimba. A Makwinja anadutsa pakati pa anthu, kutenga botolo limodzi, kulinunkhiza, n'kulikhuthulira pansi. Anamufunsa munthuyo ngati anaonapo m'kati mwa thumbo la munthu chibadwire. Munthuyo anachita chibwibwi. Iwo anati ine ndawagwira ndi manja awa, ndipo anakweza manjawo kuti onse aone. Anthu anawomba m'manja, wogulitsayo n'kulongedza katundu wake. Nkhaniyi anaifotokoza zaka khumi, ndipo chaka chilichonse gulu la anthu linkakula. Ine ndikaiganiza ndimati bola wa chimkuzamawu uja. Iye ankadziwa kuti ndi wabodza, ndipo sankagona nyumba imodzi ndi anthu amene ankawanamiza.

Ine ndi iwo tinayambana pa tsiku lometa, maliro a azakhali atatha. Achibale tinakhala panja, iwo n'kuyamba kufotokozera anthu kuti matendawa amayenda m'magazi, kuti kapitawo wa anthu ena amabadwa wofooka.

"Ndi za kumtundu kwanu zimenezi," anatero akuloza ife a kuchikazi. "Inunso muzisamala."

"Masiku asanu aja ndi a kumtundu kwathunso, ankolo?" ndinafunsa.

"Iwe Edina, pano pali akuluakulu."

"Ndikuwaona. Ndikufunsa inuyo."

Bambo anga anandikoka dzanja n'kupita nane kuseri. Anati pamaliro sipoweruzira milandu, ndipo mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Ndinawayankha kuti mawu a ankolo anagonera mpaka kusasa. Kuyambira tsikulo a Makwinja ankauza anthu kuti mwana wa alamu awo ndi wamwano, kusukulu analephera, n'chifukwa chake anathera pamakina osokera. Za makinazo sananame.

Ndifotokoze mmene zinayendera. Azakhali ankagulitsa usipa ndi matemba pamsika wa Bangwe. Anali mayi wojintcha, wa mawu aakulu, woti akaseka a kumabenchi a tomato ankatembenuka. Ine panthawiyo ndinkakhala ku Ndirande ndipo ndinatha miyezi ingapo osawaona. Tsiku limene ndinapitako ndinadutsa benchi yawo osawazindikira. Anakhala pathumba chopendekera mbali imodzi, chitenje chitazungulira m'chiuno pafupifupi kawiri. Pa kanthawi kamene ndinakhala nawo anapita kuchimbudzi cha pamsika katatu, ndipo ulendo wachitatu anabwera akugwira mabenchi a anzawo.

"Azakhali, chikuchitika n'chiyani?"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Ndikumaona magazi, mwanawe. Komanso ndikapita sindimaliza, ndimangomva ngati chatsalira."

"Kuchipatala anati chiyani?"

"Ankolo ako akuti ndi mudzi chabe, uja umatupa kotulukira chimbudzi. Akuti upola."

"Masiku asanu aja mwachita kangati?"

"Ndinasiya kuwerenga."

M'mawa mwake ndinalawirira ku Bangwe. Ndinapeza a Makwinja ataima pakhomo, dasitikoti ili pathupi, ngati ankandidikira.

"Ukupita naye kuti mkazi wanga?"

"Kuchipatala, ankolo."

"Iwe unaphunzira chiyani?"

"Kusoka."

"Ndiye pita ukasoke. Za m'thupi uwasiyire eni ake."

Ndisanayankhe, azakhali anatuluka kuchipinda atavala duku la kutchalitchi, kachikwama kali kukhwapa. Anati, "Bambo a Fedi, ndipatseniko njira." Chikhalireni m'banjamo sindikhulupirira kuti anawauzapo mawu oterowo. A Makwinja anapatuka, koma tisanafike pamsewu tinawamva akutitsatira. Ankauza aneba mokweza kuti aganiza zopita nawo mayi kwa anzawo akuntchito kuti akangotsimikizirana. M'minibasi anakhala kutsogolo, ndipo njira yonse mpaka ku Limbe ankamulangiza dalaivala za kuipa kwa shuga.

Titatsika minibasi yachiwiri pageti la chipatala, anaima pambali, kuvula dasitikoti ija, kuipinda bwinobwino n'kuiika m'jumbo. Ndinawafunsa kuti bwanji. Anati kwatentha. Unali mwezi wa Juni, chiperoni chikuwaza, ine ndili ndi juzi ziwiri.

Tikuyenda m'khonde lalitali la m'katimo tinakumana ndi bambo wina wa imvi akukankha kangolo ka mabotolo. Anaima n'kuseka.

"Makwinja, uli moyo iwe? Chichokereni iwe mu labu simuwalanso. Ana a masiku ano sadziwa kugwira chikolopa."

A Dokotala a Bangwe yonse anapinda kamsana, manja n'kuwagwirizira pamimba, akuseka kaphwete kamanyazi. Anayankha kuti eya bwana, tilipo. Ine ndinatembenukira kwa azakhali mtima uli m'mwamba, ndikuti mayiyu agwa pompano, matenda kwina manyazi kwina. Koma iwo ankangoyang'ana zala za kumapazi kwawo. Nkhope sinasinthe ngakhale pang'ono.

Titakhala pabenchi ya odwala, a Makwinja anati akukaona munthu wina, n'kusowa.

"Azakhali, munkadziwa?"

"Ovolosi yawo ankachapa ndani?" anatero. "Ankabwera nayo Lachisanu m'chikwama. Ndinkachapa m'bafa n'kuyanika kuchipinda kuti aneba asaone. Zaka zonse zija."

"Ndiye munkawamvera bwanji, mukudziwa kuti si dokotala?"

"Mkazi wa dokotala akakaima pamzere wa odwala, anthu aziti chiyani za amuna ake? Kuno kumabwera anthu a ku Bangwe tsiku ndi tsiku. Ndinati ndipirire, mwina chipola."

Ndinakwiya ndi onse awiri, koma mmodzi anali pambali panga, mafupa a m'mapewa akuoneka pansi pa bulauzi, ndiye ndinangomugwira dzanja.

Tinayenda maulendo angapo, kuyeza magazi, kujambula, kudula kachidutswa. Tsiku la zotsatira tinalowa atatu kwa dokotala wina wamkazi, wachitsikana ndithu, wolankhula mofatsa. Anafunsa kuti magaziwo anayamba liti. Azakhali anati chaka chatha, nthawi ya chimanga chachiwisi. Dokotalayo anasiya kulemba.

"Anakuuzani kuti mudikire ndani, amayi?"

Ine ndinayang'ana a Makwinja, dala, kuti aone kuti ndikuwayang'ana. Iwo anakonza pakhosi.

"Timachiyang'anira, madamu," anatero. Ndipo mwina simukhulupirira, anayamba nkhani ya enzaimu. Pamaso pa dokotala, mkazi wawo ali pampando mimba itatupa, anayamba za kapitawo ndi omanga ake. Dokotalayo anawalola kuti amalize.

"Zimene mukunenazo n'zoona, bambo," anatero. "Anthu akufufuzabe zimenezo, mwina m'tsogolo mudzatuluka mankhwala. Koma n'chifukwa chake kudikira sikuthandiza. Maselo akasiya kumva uthenga woti aleke, masiku amene mukuwapatsawo amangomangira."

Kenako anatembenukira kwa azakhali n'kuwauza kuti chotupa chafika kale kuchiwindi. Akanabwera magazi atangoyamba, mwina akanadula mbali yodwalayo n'kulumikiza thumbo, iwo n'kubwerera ku benchi yawo ya usipa. Tsopano chimene akanatha chinali kuchepetsa ululu. Azakhali anathokoza dokotalayo kawiri, n'kufunsa ngati angadyeko nyama tsopano, poti anali atayilakalaka nthawi yaitali. Dokotala anati adye chilichonse chimene mtima wawo ukufuna. Pobwerera ndinawagulira kanyenya ku Limbe, anatafuna tiwiri n'kulephera.

Titatsika pasiteji ya Bangwe, a Makwinja anatsegula jumbo, kutulutsa dasitikoti n'kuvala. Kwa aneba anati anzawo agwirizana ndi zimene iwo ankaganiza kale. Azakhali anamwalira mu Okutobala, kukutentha.

Iwo anakhalabe zaka zisanu ndi zinayi, akudya bwino, matumbo awo ali bwinobwino. Tsiku lina mkodzo utatsekeka sanadikire ngakhale tsiku limodzi. Anakuwa mpaka Fedi anabwera ndi galimoto, dzuwa lisanapendeke anali kale pabedi la chipatala, paipi ili m'thupi. Za madzi ofunda ndi ndimu sanazitchule.

Chaka chatha miyendo itayamba kuwakana anatuma uthenga kuti akufuna kundiona. Ndinazengereza sabata ziwiri, kenako ndinapita chifukwa bambo anga anandichonderera. Ndinawapeza pakhonde, ataonda, kolala ya dasitikoti itachita chikasu.

"Edina, khala apa." Ndinakhala. "Mabotolo aja ndinkanyamula ndine. Pabotolo lililonse pankakhala dzina la munthu, ine ndinkawerenga. Ena ndinkawaona pambuyo pake akuyenda ndi kathumba ka chimbudzi pamimba. Ena sindinkawaonanso."

"Mukufuna kunena chiyani, ankolo?"

"Magazi aja atayamba, ndinaona mmene ankaonekera. Sanali a mudzi. Ndinkaopa kudzaona dzina la amake Fedi pabotolo."

"Ndiye kuti munkadziwa."

Maso awo anali pa ine, akudikira kuti ndinene mawu amene anandiitanira. Anapempha madzi, ndinakawatungira. Atamwa ndinatsuka kapu, kuibwezera pamalo pake, n'kutsanzika. Ena amene ndinawauza akuti ndinauma mtima, munthu wokalamba akulapa. Eya, ndinauma. Mantha anali awo koma thumbo linali la azakhali. Ndiponso kulapa kwake kuti? Loweruka lotsatira mnzanga wa kufupi ndi kwawo anawamva akuuza mnyamata wina wa kabaza kuti asiye kudya masiku asanu. A Makwinja anamwalira ndi sitiroko, atapitirira zaka makumi asanu ndi atatu, atangomaliza kudya chamasana.

Dzulo ndinapita kukathandiza kusesa m'nyumbamo, poti Fedi akufuna kuikamo anthu ena. Pakhonde palibe kanthu. Mpando wa ndalema anatenga mwana wawo wamng'ono, kabenchi ka odwala anakawazira nkhuni za pamaliro. Pasimenti patsala timabowo tinayi pamene miyendo ya mpando inkaponda, ndi mzere wakuda pakhoma pamene mutu wawo unkatsamira. Kubawo malo awo anakhala kale munthu wina, ndipo akuti masewero akuyamba msanga masiku ano.

Mayi wa nyumba yoyandikana nayo anabwera ndi tsache lake kudzandibwereka. Tikucheza, anandilozera sitepe ya pansi ya khondelo, yong'ambika pakona. Anati masiku amene azakhali ankakhala osadya sankapita kumsika, mphamvu zinkawathera. Ankakhala pamenepo kuyambira m'mawa, kapu ya madzi ofunda ili m'manja, nkhope italoza kumsewu, a Dokotala ali pampando kumbuyo kwawo akuona odwala ena.

Mayiyo atapita ndinasiya tsache n'kukhala pasitepepo. Ndi pamalo potsika, pozizira, mawondo amafika pachifuwa. Msewu suoneka chifukwa cha mpanda wa aneba, koma siteji ili pafupi kwambiri. Ndinakhala kanthawi kochepa chabe, ndipo ndinamva bwinobwino oitanira akukuwa kuti Limbe, Limbe, watsala munthu mmodzi, minibasi n'kunyamuka, ina n'kuyamba kuitanira. Azakhali anamva zimenezi chaka ndi miyezi.